Mzimu Woyera Sadikira Wansembe

Stefano ataponyedwa miyala ku Yerusalemu, Akhristu ambiri adathaŵa, namwazikana m'maiko ozungulira. Buku la Ntchito za Apostoli, pa mutu 11, litiuza kuti ena mwa othaŵawo, anthu a ku Kipro ndi a ku Kirene m'Afrika muno, adafika ku Antiokia nayamba kulalika Yezu kwa anthu osakhala Ayuda. Maina awo sadalembedwe. Panalibe Mpostoli adawatuma. Adawatuma ndi Mzimu Woyera. Barnabasi atabwera kuchokera ku Yerusalemu, adapeza mpingo utamera kale, ndipo adakondwera. Kumeneko ndiko ophunzira adayamba kutchedwa Akhristu.

Mbiri yathu kuno ku Neno siitalikira pamenepo. Ansembe a Montfort, amene adayamba ntchito ku Nzama mu 1901, adatsekula mishoni ya Neno mu 1906. Anali oŵerengeka, ndipo midzi ya m'mapiri muno idali kutali. Adaphunzitsa katekisimu m'midzimo ndani? Adabatiza odwala mwakayakaya ndani? Akatekisti, aphunzitsi ndi amayi amene maina awo ambiri taiŵala.

Mu 1973 Aepiskopi a AMECEA adalimbikitsa timagulu ta Akhristu, timene kuno timati Limana. Sadabweretse chachilendo ayi, adatikumbutsa za Antiokia.

Tsono ife, abale, wansembe akalephera kuwoloka Lisungwi m'dzinja, kodi Lamulungu limenelo tchalitchi titseke? Mzimu umene tidalandira pa Ubatizo ndi pa Ulimbitso ndi womwewo udalankhulitsa othaŵa aja. Tisaukhalitse chete.