MSANA, LEONARDO NDI MAKINA A KU GRONINGEN

Wogulitsa mizu pa Lirangwe kapena pa Chileka akamatchula "mankhwala a msana", sakunena za munthu amene watopa ndi khasu ayi. Akunena za mphamvu ya mwamuna kumphasa. Ife ophunzira timaseka, chonsecho maganizo omwewa anakhala m'mabuku a ku Ulaya zaka mazanamazana. Agiriki akale, ena a iwo otsatira Hippocrates, ankaphunzitsa kuti umuna umachokera ku ubongo n'kutsika ndi msana.

Cha m'ma 1493 Leonardo da Vinci anajambula mwamuna ndi mkazi ali pamodzi, matupi awo ngati ong'ambidwa pakati. (Akuluakulu atikhululukire potchula zakumphasa poyera.) Chiwalo cha mwamuna anachijambula chowongoka, chili ndi njira ziwiri, ina yochokera kumsana. Kwa mkazi anaikako kanjira kochokera m'chiberekero kukafika kubere, poti panthawiyo ankati mkaka ndi magazi a kumwezi osandulika. Njira zimenezi m'thupi mulibe. Katswiri wa maso akuthwa chotere anajambula zimene anawerenga, osati zimene anaona.

Mipeni ya madokotala inatsutsa njirazo kalekale, koma mtembo sungakuuze za anthu amoyo ali pamodzi. Mu 1991 Pek van Andel, Willibrord Weijmar Schultz ndi anzawo ku Groningen, dziko la Netherlands, anayamba kujambula amuna ndi akazi odzipereka m'makina a MRI, amene amaona mkati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito. Zotsatira zinatuluka mu British Medical Journal mu 1999. Chiwalo chija sichowongoka: chimapindika ngati chikwakwa, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu ndi muzu wobisika m'thupi. Naonso Masters ndi Johnson, amene m'ma 1960 ananena kuti chiberekero chimakula mkazi akakhala ndi chilakolako, zithunzizo sizinawavomereze. Chimakwera, koma kukula ayi.

Nanga wamizu uja tim'siye pati? Umuna suchokera kumsana, komabe mitsempha imene imadzutsa mwamuna imatulukira m'munsi mwa msana momwemo. N'chifukwa chake ambiri ovulala msana pangozi amavutika m'banja. Kwa ine, iye ndi Leonardo analoza malo oyenera, n'kuphonya chimene chimadutsapo.

Kwathu kuno MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Ntchito imene anadzera inali ina: kuona ubongo wa ana okomoka ndi malungo.