Pusi: kuphunzira poonera anzake

Pusi ndi nyama yaubweya wotuwa ndi nkhope yakuda, yomwe imakhala m'magulu. Amapezeka m'nkhalango ya Dzalanyama, kumwera kwa Namitete, ndipo alimi oyandikana ndi tchire amamudziwa bwino chimanga chikakhwima. Nzeru zambiri za pusi zimachokera pakutchera khutu ndi kuyang'anitsitsa zochita za anzake.

Mu 1980, ofufuza Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anasonyeza kuti apusi a ku Amboseli, ku Kenya, amalira mosiyana malinga ndi mdani. Akamva kulira kochenjeza za kambuku amathawira mumtengo. Kukakhala kwa chiwombankhanga amayang'ana kumwamba n'kubisala m'zitsamba. Kukakhala kwa njoka amaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kusuzumira mu udzu. Mwana wa pusi poyamba amachenjeza za mbalame zosaopsa zomwe, koma akamakula amayamba kulondola.

Mu 2013, wofufuza wina, Erica van de Waal, ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza ku KwaZulu-Natal, ku South Africa. Anapatsa apusi chimanga chonyika mu utoto wa pinki ndi wa buluu, mtundu umodzi atauwawitsa. Kuwawako atakuchotsa, ana obadwa pambuyo pake ankatolabe mtundu umene amayi awo ankadya. Apusi aamuna 9 mwa 10 osamukira ku gulu lina anatsata chimanga chokondedwa kumeneko.

N'chifukwa chake pusi wozolowera kulandira chakudya kwa anthu ngovuta: chizolowezicho chingafalikire gulu lonse. Mlimi asalole kuti ana a pusi aphunzire njira ya kumunda.