Mkangano wa Ruy López pa Masewera a Chesi

M'chaka cha 1512 Pedro Damiano, Mpwitikizi, anasindikiza ku Rome buku lophunzitsa chesi. M'menemo analangiza kuti pamene woyera watsogoza msilikali wa patsogolo pa mfumu, wakuda nachita chimodzimodzi, ndipo woyera watulutsa kavalo wake kudzaopseza msilikali wakudayo, wakuda amtchinjirize ndi kavalo wa mbali ya mfumukazi.

Wansembe wina wa ku Zafra m'dziko la Spain, dzina lake Ruy López de Segura, sanakondwe nalo langizoli. M'buku lake la 1561 anati woyera angotumiza bishopu kukaopseza kavalo wotchinjirizayo, ndipo wakuda adzasauka. Sindiye anayamba kayendedwe kameneka, pakuti kanalembedwa kale m'buku la Lucena la 1497, koma dzina lake ndilo lidamamatira.

Tsono taonani, inu amene mudzaphunzitsa ana. Wansembeyo anafuna kutseka mkangano, koma anautsegula, ndipo akatswiri akhala akufufuza mayankho a wakuda kwa zaka zoposa 400, posanthula masewera olembedwa a anzao akale.

Ku New York m'chaka cha 1918 Frank Marshall anapereka dala msilikali mmodzi kuti aukire mfumu ya José Raúl Capablanca. Capablanca anapirira, napambana. Woweruza mofulumira akadati njirayo yafera pomwepo. Iai ndithu, oisanthula pambuyo pake anaikonza, kufikira kuti oyera ambiri anayamba kuilambalala mwadala.

Chodabwitsa koposa chinachitika ku London m'chaka cha 2000. Garry Kasparov, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1985, anakumana ndi Vladimir Kramnik. Kramnik anafukula chitchinjirizo chakale chotchedwa Berlin, chimene ambiri anachiyesa chofooka. Mwa njira imeneyi mafumukazi onse awiri amachoka pabwalo msanga, pa kuyenda kwachisanu ndi chitatu, ndipo mfumu ya wakuda imatsala pakati, yooneka ngati yosowa pobisala. Koma popanda mfumukazi, woyera aukira ndi chiyani? Kasparov, munthu wodziwa kuukira kuposa onse a m'badwo wake, anayesa kanayi kugumula linga limenelo, ndipo kanayi konse analingana mphamvu. Pa masewera 15 sanapambane ngakhale amodzi. Kramnik anapambana awiri, natenga ukatswiri.