Thandizo ndi Ofufuza Ake ku Petauke ndi Nyimba

Thandizo lochokera kutali linafika m'dziko la Ansenga litavala mkanjo wa mpingo. Amishoni a Dutch Reformed anamanga Nyanje mu 1905, kenako Hofmeyr, ku Nyimba, mu 1914. Akatolika anadzakhazikika ku Minga, komwe chipatala chawo chikugwirabe ntchito. Sukulu, mankhwala ndi ulaliki zinkatuluka pakhomo limodzi, ndipo ofunsa ngati thandizolo likupindula analipo ochepa.

Wina amene anadzatchuka ndi funsoli anayambira konkuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Raymond Apthorpe, wofufuza wa ku Rhodes-Livingstone Institute ku Lusaka, anakhala pakati pa Ansenga a ku Petauke, akulemba za mafuko awo ndi mbiri ya mafumu awo. Nthawi imeneyo Petauke inkadziwika ndi makopaletivu ogula mtedza. Atachoka anakaphunzitsa ku Ibadan ndi ku Makerere, kenako anakagwira ntchito ku Geneva, pa kafukufuku wa United Nations wokhudza makopaletivu akumidzi. Zomwe kafukufukuyo anapeza sizinakome m'makutu mwa opereka ndalama: kawirikawiri opindula anali omwe anali nazo kale, wosauka n'kungotola nyenyeswa. Atakalamba pa ntchitoyi, atadutsanso ku East Anglia ndi ku The Hague, Apthorpe anapatsa anthu a mabungwe dzina lachipongwe lakuti Aidland, dziko lapalokha lokhala ndi chilankhulo chake, lomwe nzika zake zimamvana zokhazokha. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa kuhotela, akumva za umphawi wa kwawo m'Chingelezi cha malipoti, dzikolo analiona.

Kumudzi zinthu sizinaime. Mu 1987 nkhondo ya ku Mozambique inachititsa kuti ku Ukwimi kutsegulidwe malo a othawa kwawo, ndipo mabungwe a UNHCR ndi Lutheran World Federation anabweretsa mijigo, sukulu ndi mbewu. Othawawo atabwerera chapakati pa zaka za m'ma 1990, boma la Zambia linagawira nzika zake minda ya ku Ukwimiko.

Kenako wofufuza anasiya kungoonerera. Dale Lewis, yemwe anabwera ku chigwa cha Luangwa kudzaphunzira za njovu, anaona kuti chimene chimatuma munthu kukatchera misampha ndi njala. Mu 2003 anayambitsa COMACO, yomwe imagula mtedza, uchi ndi mpunga kwa alimi olonjeza kusiya kupha nyama, n'kuzigulitsa m'dzina la It's Wild! Alimi a ku Nyimba ali m'gululi. Ine ndimati apa ndi pomwe wolandira anayamba kutchedwa wogulitsa, ngakhale wonena mtengo akadali wogula.

Boma linaika lamulo lolembetsa mabungwe mu 2009, ambiri akudandaula kuti likuwamanga manja. Koma chingwe chenicheni chinali kunja: mu 2025 America inatseka bungwe lake la thandizo la USAID, ndipo ntchito zambiri zaumoyo mu Zambia zinagwedezeka, zaka zoposa 60 chichokereni Apthorpe ku Petauke.