QAnon ndi Kakopedwe ka Anthu Atsopano

QAnon ndi chikhulupiriro chimene chinayamba ku America mu Okutobala 2017, pamene munthu wina wodzitcha Q anayamba kulemba mauthenga pa tsamba la pa intaneti lotchedwa 4chan, n'kumati amadziwa zinsinsi za boma. Otsatira ake amati pali kagulu kobisika ka anthu amphamvu kozunza ana, ndipo Donald Trump akulimbana nako mwakachetechete. Umboni wa zimenezi palibe.

Mlendo sauzidwa zonsezi tsiku loyamba. Amamuyamba ndi nkhani yoti palibe angaitsutse: mu 2020 otsatira QAnon anadzaza Facebook ndi Instagram ndi zithunzi za ana ndi mawu akuti ana apulumutsidwe, osamutchula Q n'komwe. Kenaka amamuponyera mafunso m'malo mwa mayankho, n'kumuuza kuti akafufuze yekha. Msampha wagona pamenepa, poti mawu amene wapatsidwa kuti afufuzire amamufikitsa ku mavidiyo a gulu lomwelo, iye n'kumayesa kuti watulukira yekha. Ulosi ukapanda kuchitika, monga wakuti Hillary Clinton amangidwa pa 30 Okutobala 2017, amamuuza kuti Q amasocheretsa adani mwadala.

Pofuna kuchepetsa kufalikira kwa chikhulupirirochi, Facebook inalengeza zochotsa magulu onse a QAnon mu Okutobala 2020.