Damu la Songwe likadzayamba, kodi boma lingalamule kuti agule za kwathu?

Nkhani ya damu la pa Songwe ikangotchulidwa m'magulu athu a WhatsApp, funso limakhala lomwelija: bwanji boma osangolamula kampani yomanga kuti igule zinthu za m'Malawi muno? Ndati ndifotokoze mmene malamulo alili, poti mkangano wake sukutha.

Malawi ndi Tanzania anagwirizana zodzamanga malo opangira magetsi okwana mamegawati 180 pa mtsinje wa Songwe, womwe ndi malire athu kuno ku Chitipa mpaka ku Karonga. Lamulo lokakamiza kampani ngati imeneyo kugula zipangizo za m'dziko momwemo limatchedwa local content.

Chopinga chili ku Geneva, ku likulu la bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO, komwe Malawi adalowa mu 1995. Mfundo yawo ndi yakuti katundu wakunja akalowa m'dziko n'kulipira msonkho wake, usamusale pofuna kukondera wako. Chigawo cha Ontario ku Canada chinkagula magetsi a dzuwa ndi mphepo pamtengo wabwino, koma kwa okhawo ogwiritsa ntchito zipangizo za komweko. Japan ndi European Union anasuma, Canada n'kugonja mu 2013. India naye anagonja kwa America mu 2016 pa mlandu wa mapanelo a sola. Kenako India anabwezera, ndipo mu 2019 oweruza anapeza kuti zigawo zina za America zimachita zomwezo. Eti wosuma nayenso wakuba.

Mpata ulipo ndithu. Boma likamagula zinthu zoti ligwiritse ntchito lokha, limaloledwa kukondera anthu ake. N'chifukwa chake lamulo lathu logulira katundu wa boma la 2017 lidatha kupatula magawo 60 pa 100 a makontirakiti ena kuti apite kwa Amalawi eni nthaka. Canada ndi India anayesa kubisala pamenepa koma zinakanika, chifukwa boma linkagula magetsi pomwe tsankho linali pa zipangizo.

Ine sindikuona dziko lililonse likuvutika n'kusumira Malawi. Ndiponso khothi la apilo la WTO lidaima kugwira ntchito mu Disembala 2019. Zotimanga manja zenizeni ndi ziwiri. Ndalama zikakhala za ngongole ya World Bank kapena African Development Bank, kagulidwe ka zinthu kamatsata malamulo a wobwereketsayo. Chinanso, tilibe fakitale ya mapanelo kapena makina opukusa magetsi. Sola ya mamegawati 60 ya ku Salima, yomwe kampani ya JCM Power idatsegula mu 2021 (kwawo n'ku Ontario komwe kuja, taonani), zipangizo zake zidachokera kunja. Ngakhale simenti, ya ku Mbeya ili pafupi nafe kuposa ya Shayona ku Kasungu.

Ndiye pofunika kulimbikira ndi apa: mgwirizano wa TRIMs, womwe udagwetsa Canada ndi India, umakhudza katundu basi, osati kulemba anthu ntchito. Khonsolo ikadzaitanitsa msonkhano wa damuli, tidzafunse kuti achinyamata angati a kwa Mwabulambya ndi ku Misuku adzalembedwa, angati adzaphunzitsidwa kuwotcherera ndi kulumikiza magetsi, ndipo manambalawo alembedwe m'kontirakiti asanasaine.