Mmene Rumphi idaphunzirira kuvota

Rumphi ndi katauni kakang'ono kozunguliridwa ndi mapiri, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Rukuru umadutsa pa Njakwa. Amene amadzaza msika wake ndi alimi a fodya ndi chimanga ochokera ku Bolero ndi ku Hewe, komanso a khofi otsika kumapiri a Phoka. Ovota kumeneku si ambiri poyerekeza ndi ku Lilongwe kapena ku Mangochi, koma wofuna mpando wa pulezidenti aliyense amafikako, chifukwa palibe chipani chimene chinganene kuti voti ya ku Rumphi ili m'thumba mwake.

Nkhaniyi idayambira kusukulu. Mu 1894 Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, m'boma lomweli, ndipo m'zaka zotsatira mudatuluka aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri ochuluka kuposa ntchito zomwe zidalipo kumpoto. Ambiri adatsikira ku Zomba ndi ku Blantyre, ena ku Rhodesia ndi ku Joni. Pobwera ankabweretsa ndalama, nyuzipepala ndi chizolowezi chofunsa boma mafunso. Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adaphunzira ku Livingstonia komweko. Choncho pa chisankho cha 1961 Rumphi sidazengereze: idatumiza ku nyumba ya malamulo Kanyama Chiume wa Malawi Congress Party.

Ubalewo sudakhalitse. Mu 1964 nduna zitasemphana ndi Kamuzu Banda, Chiume adathawira ku Tanzania. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera kota posankha ophunzira a ku yunivesite, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Izi zidawawa kwambiri ku Rumphi chifukwa chuma cha mabanja ambiri chidali sukulu. Bambo amene adagulitsa mabelo a fodya kuti mwana amalize Fomu 4, mwanayo n'kukhoza bwino koma n'kusiyidwa chifukwa cha boma lomwe akuchokera, sadafunikire munthu womuuza kuti avotere ndani tsiku likadzafika.

Tsikulo lidabwera ndi mwana wa komweko. Chakufwa Chihana, wobadwira ku Mhuju mu 1939, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito amene adakhalapo m'ndende m'zaka za m'ma 1970, adatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992, patangotha mwezi chitulukire kalata ya maepiskopi achikatolika, ndipo adamangidwa pabwalo pomwepo. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa tambala wakuda (chipani chimodzi) ndi nyali (zipani zambiri), ndipo kumpoto pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse adasankha nyali. Mu 1994 chipani cha Chihana cha AFORD chidatenga mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto. Pamisonkhano anthu ankakweza zala ziwiri m'mwamba, ndipo munthu wa chipani china ankayenda mwakachetechete.

Ambiri amathera pamenepa n'kunena kuti a ku Rumphi amavotera mtundu basi. Zimene zidatsatira zikutsutsa zimenezo. Chihana adalowa m'boma la Bakili Muluzi ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti mu 1994, natulukamo mu 1996. Mu 1999 adagwirizana ndi MCP, chipani chomwe chidamumanga, naima pambuyo pa Gwanda Chakuamba. Anthu adameza malovu, namutsatirabe, AFORD n'kupeza mipando 29. Koma mu 2002, phungu wa AFORD Khwauli Msiska atapereka ku nyumba ya malamulo bilu yochotsa malire a zaka zolamulira pulezidenti, ndipo Chihana n'kubwereranso m'boma la Muluzi chaka chotsatira, mtima wa anthu udachoka. Mu 2004 chipanicho chidatsala ndi mipando 6 yokha. Anthu amene adamunyamula paphewa ndi omwewo adamutsitsa, ndipo m'maganizo anga adachita bwino, chifukwa chomwe adavotera mu 1993 chidali kuthetsa ulamuliro wamuyaya. Chihana adamwalira ku Johannesburg mu Juni 2006.

Kuchokera apo voti ya ku Rumphi yakhala ikuyenda. Mu 2009 kumpoto kudavotera Bingu wa Mutharika mwaunyinji, makamaka chifukwa cha makuponi a feteleza. Iye atangopambana adabwezeretsa kota, ndipo yankho silidachedwe: pa chisankho chachibwereza cha Rumphi Central mu 2011, mpando womwe udali wa DPP, chipani cha Bingu, udapita kwa Enock Chihana wa AFORD, mwana wa Chakufwa. Mu 2014 ambiri kumpoto adatsamira kwa Joyce Banda, mu 2019 kwa Saulos Chilima, ndipo chaka chomwecho Enock adataya mpando wake. Mu 2020 anthu a kumpoto adavotera Lazarus Chakwera kudzera mu mgwirizano wa Tonse, miyezi ingapo boma la DPP litalengeza kuti kota yatha. Kulengezako kudabwera mochedwa.

Zofuna za anthuwa sizisinthasintha ngati zipani zomwe amavotera. Amafuna kuti mwana wokhoza mayeso apite patsogolo, fodya agulidwe pamtengo wabwino, feteleza afike mvula isanagwe, ndiponso msewu wa Rumphi-Nyika-Chitipa uikidwe phula. Msewu umenewu walonjezedwa ndi boma lililonse, koma mbali yake yaikulu ikadali ya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 AFORD idagwirizana ndi DPP, Peter Mutharika adapambana, ndipo adasankha Enock Chihana kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, udindo womwewo umene bambo ake adaukhalapo kawiri.